Kusungira fayilo malo pa disiki kudzera mu terminal

Fayilo ikhoza kuoneka kuti ndi ya 20G pamene pa disiki sinatenge malo ngakhale pang'ono. Anthu ambiri ofuna kusungiratu malo a database, a makina a virtual kapena a fayilo yaikulu yomwe akukopera pa intaneti amagwa m'mbuna imeneyi. Amalemba lamulo, amaona nambala yaikulu pa `ls -l`, n'kukhulupirira kuti malowo ndi awo. Disiki ikadzadzaza m'pamene amazindikira kuti panalibe chosungidwa. Malangizowa ndi a Linux makamaka, poti n'komwe zida zake zachuluka, koma Windows ndi macOS tizikhudzanso.

Zifukwa zosungiratu malo n'zodziwika. Pulogalamu yomwe ikulemba fayilo yaikulu kwa maola ambiri siyenera kufera panjira ndi uthenga wa "No space left on device" chifukwa choti pulogalamu ina yadya malo otsala. Komanso filesystem (dongosolo lomwe limasanja mafayilo pa disiki) ikadziwiratu kukula kwa fayilo, imayesetsa kuipezera mabuloko (tizigawo ta disiki tosungiramo zinthu) oyandikana, zomwe zimathandiza kwambiri pa madisiki ozungulira aja. Pa SSD phindu la mabuloko oyandikana ndi lochepa, choncho chomwe mukufuna pamenepo ndi chitsimikizo cha malo basi.

Choyamba: onani malo omwe alipo ndi mtundu wa filesystem

Lowani mu foda yomwe mukufuna kuikamo fayiloyo, kenako lembani:

```
df -hT .
```

Kadontho kakumapetoko kakutanthauza foda yomwe mulimo. Yang'anani zinthu ziwiri: nambala ya pansi pa `Avail`, ndi dzina la pansi pa `Type`. Dzinalo ndi lomwe likuuzeni njira yoyenera kutsata. Mukaona ext4 kapena xfs, zonse ziyenda mosavuta. Mukaona btrfs kapena zfs, werengani kaye gawo lonena za mafilesystem amenewa musanakhulupirire chilichonse. Mukaona vfat, kumbukirani kuti FAT32 salola fayilo imodzi kufika 4 GiB, ngakhale disikiyo itakhala yopanda kanthu.

Pa ext4 mudzaona kuti `Used` kuphatikiza `Avail` sizikwana `Size`. Palibe cholakwika. Popanga filesystem, magawo 5 pa 100 aliwonse amasungidwira root (akaunti yaikulu yolamulira makina), ndipo pa disiki ya 1 TB amenewo ndi malo okwana pafupifupi 50 GB. Mukagwiritsa ntchito `sudo` mutha kulowerera m'malo amenewo osadziwa, ndipo pa disiki yomwe pali makina enieniwo si bwino kutero.

Chachiwiri: sungani malowo ndi fallocate

```
fallocate -l 20G nkhokwe.img
```

Lamuloli limatha m'kuphethira kwa diso, ngakhale mutapempha 200G. Chimachitika n'chakuti filesystem imapatula mabuloko enieni n'kuwapereka ku fayiloyo, koma silembamo kalikonse. M'malo mwake imangoika chizindikiro chakuti mabulokowo sanalembedwemo. Wina akayesa kuwerenga fayiloyo amalandira maziro okhaokha, ngakhale pansi pa disikipo padakali zotsalira za mafayilo akale omwe anafufutidwa. Choncho musaope kuti zinsinsi zakale zionekera m'fayilo yatsopanoyi. Koma musaganizenso kuti mwafufuta zotsalirazo: zikadalipo pa disiki mpaka mutalembapo zina.

Pulogalamu ya `fallocate` imabwera mu phukusi la util-linux, lomwe limapezeka kale pafupifupi pa Linux iliyonse. Luso lomwe imadalira linalowa mu kernel (mtima wa Linux womwe umalamulira zida za kompyuta) ya Linux 2.6.23 m'chaka cha 2007.

Samalani ndi zilembo za kukula. `20G` ndi chimodzimodzi `20GiB`, kutanthauza ma byte 21,474,836,480, chifukwa akuwerenga ndi 1024. `20GB` ndi ma byte 20,000,000,000 ndendende. Kusiyana kwake kukuyandikira 1.5 GB, ndipo ngati fayilo yomwe mukuyembekezera inayezedwa m'njira ina inu n'kusunga m'njira ina, mudzaperewera kumapeto. Ngati mukudziwa kukula kwenikweni, lembani nambala yonse ya ma byte popanda chilembo.

Malo akakhala osakwana, lamuloli likana ndi uthenga wa "No space left on device". Likatero, musangochokapo. Pa ext4 likhoza kusiya fayilo yomwe yameza kale malo onse omwe analipo, ndiye ifufuteni ndi `rm` mwamsanga mapulogalamu ena asanayambe kugwa.

Chachitatu: tsimikizani kuti malo asungidwadi

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kuti muone kusiyana ndi maso anu, pangani fayilo ina ndi `truncate`:

```
truncate -s 20G chabe.img
ls -lh nkhokwe.img chabe.img
du -h nkhokwe.img chabe.img
```

`ls -lh` isonyeza 20G pa mafayilo onse awiri. `du -h` isonyeza 20G kapena kupitirira pang'ono pa nkhokwe.img, koma 0 pa chabe.img. Fayilo ya `truncate` ili ngati chikwangwani chokhomedwa pa malo omwe simunagule: dzina lilipo, kukula kwalembedwa, koma aliyense akhoza kumangapo. Fayilo yotere imatchedwa sparse, ndipo malo ake opanda mabulokowo amatchedwa mabowo. Mabuloko amaperekedwa pokhapokha pamene chinthu chalembedwamo, ndipo disiki ikakhala itadzaza panthawiyo, kulembako kulephera.

Sikuti `truncate` ndi yoipa. Poyesa momwe pulogalamu imachitira ndi fayilo yaikulu, kapena popanga disiki ya makina a virtual yomwe mukufuna izikula pang'onopang'ono, ndi yabwino zedi. Koma si yosungira malo. Lamulo lina lomwe anthu amapatsirana kawirikawiri, `dd if=/dev/zero of=fayilo bs=1 count=0 seek=20G`, nalonso limapanga fayilo ya mabowo yomweyo. Limaoneka ngati likulemba maziro, koma `count=0` ikutanthauza kuti silikulemba kanthu.

Wofuna kutsimikiza mozama alembe:

```
stat -c '%s %b %B' nkhokwe.img
```

Nambala yoyamba ndi kukula kwa fayilo, yachiwiri ndi kuchuluka kwa mabuloko omwe yapatsidwa, yachitatu ndi kukula kwa buloko iliyonse pa kuwerengaku, yomwe imakhala 512. Mukachulukitsa yachiwiri ndi yachitatu, yankho liyenera kufanana ndi yoyamba kapena kuiposa pang'ono. Pa fayilo ya 20G muyembekezere mabuloko pafupifupi 41,943,040. Ndipo `filefrag -v nkhokwe.img` ikuonetsani zigawo zomwe fayiloyo yagonamo pa disiki, ndi mawu akuti `unwritten` pambali pa zigawo zomwe sizinalembedwemo.

Chachinayi: lembani m'fayiloyo popanda kutaya malo omwe mwasunga

Gawo ili ndi lomwe malangizo ambiri amalidumpha, chikhalirecho ndi pomwe ntchito imaonongekera. Tiyerekeze kuti mwasunga 20G ya fayilo ya backup, kenako mwalemba:

```
tar -cf - /var/www > nkhokwe.img
```

Chizindikiro cha `>` chimadula fayiloyo kufika pa ziro `tar` isanayambe n'komwe. Mabuloko onse omwe munasunga abwerera ku filesystem nthawi yomweyo, ndipo mwabwerera pomwe munayambira. Si `>` yekha amene amachita zimenezi. `cp` ikamakopera pamwamba pa fayilo yomwe ilipo kale imaidula kaye. `curl -o` imachitanso chimodzimodzi. Ngakhale `dd` imadula fayilo yomwe ikulembamo, pokhapokha mutaiuza kuti isatero. Ndipo `rsync`, mwa chizolowezi chake, imalemba m'fayilo yapadera yongoyembekezera, n'kudzaisintha dzina pomaliza, moti panthawi yokoperayo imafuna malo ena atsopano pambali pa omwe munasunga aja.

Pali njira ziwiri zozembera vutoli. Yoyamba ndi kulemba pamwamba pa fayiloyo osaidula:

```
tar -cf - /var/www | dd of=nkhokwe.img bs=4M iflag=fullblock conv=notrunc
```

Mawu ofunika apa ndi `conv=notrunc`. Mu shell muthanso kugwiritsa ntchito `1<>` m'malo mwa `>`, chifukwa chizindikiro chimenechi chimatsegula fayilo osaidula. Vuto la njira imeneyi n'lakuti zolembedwazo zikakhala 14G zokha, fayiloyo ikhalabe ya 20G, ndi maziro okwana 6G kumchira. Pa disiki ya makina a virtual zilibe kanthu. Pa fayilo yomwe mudzafune kuiyerekeza checksum yake (nambala yotsimikizira kuti zam'kati n'zofanana) ndi yoyambirira, mchira umenewo usokoneza zonse, mpaka mutaudula ndi `truncate -s` pa kukula kwenikweni.

Njira yachiwiri ndi yomwe ine ndimaiona yaukhondo kwambiri pa mafayilo omwe amakula kumapeto, monga malogi ndi ma backup:

```
touch backup.tar
fallocate -n -l 20G backup.tar
tar -cf - /var/www >> backup.tar
```

`-n` imauza filesystem kuti isunge mabuloko koma isasinthe kukula kooneka kwa fayiloyo. Mukayang'ana musanalembe, `ls -l` inena 0 pamene `du` ikunena 20G, zotembenuka kwenikweni ndi za `truncate` zija. Chizindikiro cha `>>` chimaonjezera kumapeto kwa fayilo, ndipo poti mapetowo ali pa ziro, zolembedwazo zimalowa m'mabuloko osungidwa aja kuyambira koyambirira. `touch` ija musaiiwale, chifukwa `fallocate` ikakhala ndi `-n` sipanga yokha fayilo yatsopano, imangodandaula kuti fayiloyo kulibe.

Mukamaliza kulemba, malo otsala kuseri kwa mapeto a fayilo amakhalabe ogwidwa, ndipo saoneka pa `ls`. Pa ext4 mutha kuwamasula podula fayiloyo pa kukula kwake komweko:

```
truncate -s $(stat -c %s backup.tar) backup.tar
```

Mapulogalamu ena amadziwa okha kusunga malo, ndipo zikatero ndi bwino kuwasiyira ntchitoyo. `rsync` ili ndi `--preallocate`, `aria2c` ili ndi `--file-allocation=falloc`, ndipo popanga disiki ya QEMU mutha kulemba `qemu-img create -f raw -o preallocation=falloc disiki.img 40G`.

Chachisanu: fallocate ikakana

Uthenga wa "Operation not supported" ukutanthauza kuti filesystem yanu silidziwa luso limeneli. Zimachitika pa ext3, komanso pa NFS (filesystem yofikiridwa kudzera pa netiweki) yakale, chifukwa kusungiratu malo kunalowa mu NFS 4.2. Zikatero njira yodalirika ndi kulemba maziro enieni:

```
dd if=/dev/zero of=nkhokwe.img bs=1M count=20480 status=progress conv=fsync
```

`bs` kuchulukitsa ndi `count` ndiko kukula kwa fayilo, apa 1M kuchulukitsa ndi 20480 zikupereka 20G. `status=progress` ikuonetsani pomwe yafika, ndipo `conv=fsync` imaonetsetsa kuti zonse zafikadi pa disiki lamulolo lisanathe. Njirayi imatenga nthawi chifukwa byte iliyonse ikulembedwa. Pa disiki yolemba 100 MB pa sekondi, 20G itenga mphindi zitatu ndi theka kapena kupitirirapo. Musanakanikize Enter werengani kawiri zomwe mwalemba pa `of=`. Mukalembapo dzina la disiki, monga `/dev/sda`, m'malo mwa dzina la fayilo, `dd` sifunsa, imangofafaniza.

Palinso `fallocate -x`, yomwe imadutsira ku `posix_fallocate`. Filesystem ikakana, glibc (laibulale yomwe mapulogalamu ambiri a Linux amadalira) imakhudza buloko iliyonse payokhapayokha kuti iperekedwe. Imagwira ntchito, koma nayonso ndi yochedwa, ndipo si yabwino pa fayilo yomwe pulogalamu ina ikulembamo nthawi yomweyo.

Btrfs, ZFS ndi madisiki omwe si enieni

Mafilesystem awiriwa salemba pamwamba pa buloko yakale. Mukasintha chinthu, amachilemba pa malo atsopano n'kumasula akalewo pambuyo pake. Pa btrfs, `fallocate` imagwira ntchito, ndipo kulemba koyamba kumalowa m'malo osungidwawo, koma mukadzalembanso pamalo omwewo, kapena mukajambula snapshot (chithunzi chosunga mafayilo momwe alili panthawiyo), pamafunika mabuloko ena atsopano. Chitsimikizo chake ndi cha ulendo umodzi. Pa ZFS, `fallocate` sisunga malo enieni a fayilo. Kumeneko njira yoyenera ndi kusunga malo a dataset yonse (gawo la ZFS lomwe muli mafayilowo):

```
zfs set reservation=20G dziwe/database
```

Maziro a `dd` nawonso sathandiza pa filesystem yomwe imapanikiza zolembedwa. Maziro 20G amafinyika mpaka kutsala pang'ono zedi, ndipo pa ZFS amangosanduka mabowo. Mukafuna fayilo yodyadi malo pa filesystem yotere, tengani zolemba kuchokera ku `/dev/urandom` m'malo mwa `/dev/zero`, poti zimenezo sizifinyika.

Chenjezo lina ndi la omwe ali m'kati mwa makina a virtual kapena pa LVM ya thin (njira yogawira disiki yomwe imapereka malo enieni pokhapokha chinthu chikalembedwa). `fallocate` imalankhula ndi filesystem yokha. Ngati disiki yomwe filesystem yakhalapo nayonso ndi fayilo ya mabowo pa kompyuta ina, malo omwe mwasunga m'katimo alibe chowaikira kumbuyo kunjako. `du` inena 20G moona mtima, koma kompyuta yaikuluyo ikadzaza, kulemba kudzalepherabe.

Fayilo ya swap

Swap ndi malo a pa disiki omwe amathandizira RAM ikachepa, ndipo kupanga fayilo yake ndi ntchito yomwe anthu ambiri amadziwira `fallocate` koyamba. Kernel imalemba mu swap mwachindunji pa mabuloko, choncho fayilo ya mabowo imaikana. Pa ext4 ndondomeko yake ndi iyi:

```
sudo fallocate -l 4G /swapfile
sudo chmod 600 /swapfile
sudo mkswap /swapfile
sudo swapon /swapfile
```

`chmod 600` si yokongoletsera. Mu swap mumagwera zomwe zinali mu RAM, kuphatikizapo mapasiwedi, ndipo fayiloyo siyenera kuwerengedwa ndi wina aliyense kupatula root. Kuti swap iziyaka yokha kompyuta ikayatsidwa, onjezerani mzere uwu mu `/etc/fstab`:

```
/swapfile none swap sw 0 0
```

`swapon` ikadandaula kuti fayiloyo ili ndi mabowo, ifufuteni n'kuipanganso ndi `dd`. Buku la malangizo la `swapon` lenilenilo limati `dd` ndiyo njira yodalirika paliponse, ndipo pa 4G simutaya nthawi yochuluka. XFS inayamba kulandira swap yopangidwa ndi `fallocate` kuyambira pa Linux 4.18. Btrfs inayamba kulola fayilo ya swap pa Linux 5.0, koma fayiloyo iyenera kupatsidwa `chattr +C` idakali yopanda kanthu. Ngati btrfs-progs yanu ndi 6.1 kapena yatsopano kuposa pamenepo, lamulo limodzi la `btrfs filesystem mkswapfile --size 4g /swapfile` likuchitirani zonsezo.

Fayilo yopulumukira

Pa seva iliyonse yomwe ili ndi database, ndimalimbikitsa kusunga fayilo imodzi yopanda ntchito:

```
sudo fallocate -l 2G /var/lib/NDIFUFUTENI-DISIKI-IKADZAZA
```

Disiki ikadzaza fa, nthawi zambiri simutha ngakhale kukonza vutolo. Database imakana kuyaka chifukwa ilibe polemba log yake, `gzip` ilibe poika fayilo yofinyidwa, ndipo pulogalamu yosinthira malemba imalephera kusunga zomwe mwasintha. Mukafufuta fayilo imeneyi mumapeza 2G yopumira nthawi yomweyo. Iikeni pa filesystem yomwe pali database yeniyeniyo, chifukwa ikakhala pa partition ina sikuthandizani kanthu. Ipatseni dzina lomveka kwa mnzanu yemwe adzaipeze usiku inu kulibe, ichotseni pa mndandanda wa zolowa mu backup, ndipo vuto likatha muipangenso. Ganizo limeneli si lachilendo, moti database ya CockroachDB imadzipangira yokha fayilo yotere.

Kukopera ndi kubweza malo

Kusunga malo sikumayenda limodzi ndi fayilo poikopera. `cp` ya GNU ikaona kuti fayilo yoyambirira ili ndi mabowo, imapanganso mabowo mu kope. Mukafuna kope lodzaza lembani `cp --sparse=never`, mukafuna lopepuka `cp --sparse=always`. `rsync -S` ndi `tar -S` nazonso zimasunga mabowo. Mukasamutsa fayilo kupita ku disiki ina, yang'ananinso ndi `du`.

Nthawi zina mumafuna zotembenuka, kubweza malo fayilo ili chikhalire. `fallocate -d disiki.img` imafufuza mbali zomwe muli maziro okhaokha n'kuzisandutsa mabowo, zam'kati osasintha. Chitani zimenezi fayiloyo isakugwiritsidwa ntchito. Palinso `fallocate -p -o 1G -l 500M fayilo`, yomwe imaboola bowo la 500M kuyambira pa 1G, koma iyi imafafaniza chilichonse chomwe chinali pamenepo.

Mukafufuta fayilo yaikulu koma `df` osasintha, ndiye kuti pulogalamu ina ikadaitsegulabe. `sudo lsof +L1` ikuonetsani pulogalamuyo, ndipo malowo abwera ikangotseka fayiloyo.

Pa Windows ndi macOS

Pa Windows tsegulani Command Prompt kapena PowerShell ngati Administrator, kenako lembani:

```
fsutil file createnew D:\nkhokwe.dat 5368709120
```

`fsutil` imafuna kukula m'ma byte, osati ndi zilembo. 1 GiB ndi 1073741824, ndiye nambala ili pamwambayi ndi 5 GiB. NTFS imapatula malowo nthawi yomweyo, ndipo mutha kutsimikiza ndi `fsutil volume diskfree D:` musanalembe lamulolo komanso mutalemba. Lamulo la `fsutil file setvaliddata` lisiyeni pokhapokha mukudziwa chomwe mukuchita, chifukwa limachititsa kuti zotsalira za mafayilo akale ziwerengeke m'fayilo yatsopanoyo.

Pa macOS mulibe `fallocate`. Gwiritsani ntchito `mkfile 5g nkhokwe.dat`, yomwe imalemba maziro enieni ngati `dd`. Mukaonjezera `-n` imatha msanga, koma n'chifukwa choti yangolemba kukula osapatula mabuloko. Ngati mwasankha `dd` komweko, lembani `bs=1m` ndi chilembo chaching'ono, kenako yang'anani ndi `du -h nkhokwe.dat` monga munachitira pa Linux.